Kulemba nkhani yaifupi ya mayi ndi mwana wake wamkazi

Alembi anzanga a kuno kuchigwa, a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mwaswera bwanji? Lero tikambe za nkhani zimene ambiri mukulemba, za mayi amene mtima ukumutsutsa ndi mwana wake wamkazi amene wasunga mkwiyo.

Yambani ndi kusankha cholakwa chimodzi chokha cha mayiyo. Chimodzi basi. Tiyerekeze kuti madzi a mu Januwale 2015 akokolola mapira ndi mbuzi ku Makhanga, ndiye mwana wa Fomu 2 wasiyitsidwa sukulu n'kukwatiwa kuti pakhomo papezeke chimanga. Chaka chomwecho ndi chimene Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti ukwati uziyambira pa zaka 18, choncho mayiyo akudziwa kuti nkhaniyi ndi mlandu. Komatu mum'patse chifukwa chomveka, monga ana ang'onoang'ono amene akugonera nyika, mizu ya m'madzi imene anthu amadya nthawi ya njala. Mukamulemba ngati munthu wouma mtima, owerenga samva naye chisoni, ndipo nkhani imafera pomwepo.

Apa ndi pamene ambiri mumaphonya: dziwani kuti banjalo ndi la mtundu wanji. Kwa Asena ana ndi a kuchimuna ndipo pali malowolo, ndiye mwina mayiyo sanagamule ndiye. Chomupweteka n'chakuti anakhala chete pamene amuna ankakambirana. Kwa Amang'anja mawu aakulu ali ndi malume, mlongo wake wa mayiyo, ndiye mayi akanatha kukamudandaulira koma sanapite. Amayi awiriwa kudziimba mlandu kwawo n'kosiyana, musawaphatikize.

Utali wake ukhale mawu 1,500 kapena kucheperako, zigawo zitatu, ndipo zonse zichitike tsiku limodzi. Mwana afike pa kabaza kuchokera ku Bangula, akangane ndi mayi ake, kenako tione chimene chatsala pakati pawo. Zakale zilowe m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, osati tsamba lathunthu.

Musalembe kuti "mayi anadziimba mlandu". Tionetseni manja awo. Aphika mlamba, mnofu wonse aika m'mbale ya mwanayo, iwo atsala ndi mutu. Yunifomu ija akuisungabe m'jumbo pansi pa mphasa. Mwana akafunsa za sukulu, iwo atola tsache n'kuyamba kusesa pabwalo posesa kale.

Pa mkangano samalani kwambiri. Mwana wa kuno sanena "iwe" kwa mayi ake ngakhale atapsa mtima chotani. Anenabe "inu amayi", agwade popereka madzi, koma ayankhe mwachidule, nkhope itayang'ana kumbali. Mkangano uyambire pa kanthu kakang'ono, mchere kapena chitenje chobwereka, kenako mwana aponye chiganizo chimodzi cholasa, monga "Munandigulitsa matumba angati?" Akalankhula ndime yonse ya ufulu wa atsikana, ndiye kuti mwalemba za pamsonkhano, ndipo owerenga amadziwa kuti akulankhulayo ndi inu, osati mwanayo.

Pomaliza musaphe mayiyo pofuna kuti tilire, ndipo abusa kapena amfumu asatulukire m'ndime yomaliza kudzayanjanitsa anthu. Mmodzi mwa awiriwo achite kanthu kamene m'mawa sakanachita, kaya kukhala pa mphasa imodzi, kaya kutchula za kubwerera kusukulu. Mukamaliza, iwerengeni mokweza, ndipo chiganizo chilichonse chimene mayi wa kwanu sanganene ndi pakamwa pake muchifufute.