Musanagule chimbudzi china chogejemula, tengani tepi yoyezera

(Wolankhula wagwada pambali pa mtondo wa chimbudzi, tepi ili m'manja.)

Takulandirani nonse. Lero tili m'bafa. Chimbudzi chakale chatopa, mukufuna china choti chikutumikireni zaka zambiri. Musankhe chotani?

Choyamba, tsimikizani kuti chathadi. Ngati madzi akungoyenderera mumtondo usiku wonse, kawirikawiri vuto ndi kalabala ka m'thanki komwe kauma kapena kadyeka. Donthezerani utoto wa zakudya m'thanki, mudikire mphindi 15 osagejemula. Madzi a mumtondo akasintha mtundu, sinthani labalayo, nkhani yatha. Koma mtondo ukachita mng'alu, zomatamata ayi. Uchotseni.

(Kamera ipite kuseri kwa mtondo.)

Suzumirani kuno. Paipi yotulutsa zonyansa ikulowera kuti? Ikalowa pansi, ogulitsa amati S-trap. Ikalowa m'khoma, amati P-trap. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama, chifukwa amakopeka ndi kukongola kwa chimbudzi asanaone paipi ya kunyumba kwawo.

Ngati yanu ndi yapansi, yezani kuchokera pakhoma mpaka pakati pa paipiyo. Ndati pakhoma penipeni, osati pa kamzere ka matailosi ka m'munsi kaja. Ku America muyezo wofala ndi mainchesi 12, omwe ndi masentimita 30.5, koma ziliponso za mainchesi 10 ndi 14, ndipo mayiko ena ali ndi miyezo yawo. Ngati ndi ya m'khoma, yezani kuchokera pansi mpaka pakati pa paipi. Nthawi zambiri pamakhala masentimita pafupifupi 18. Mukaphonya muyezo umenewu, pulambala adzaswa matailosi kuti asunthe paipi, apo ayi adzapinda cholumikizira mokakamiza, ndipo popindika pomwepo ndi pomwe pazidzatsekeka. Onaninso ngati madzi akulowera pansi pa thanki kapena m'mbali. Chitseko musachiiwale: mtondo wotalika kutsogolo umaposa wozungulira ndi masentimita pafupifupi 5, ndipo m'bafa laling'ono amenewo ndi okwanira kuti chitseko chizigunda.

Tsopano mphamvu yogejemulira. Zimbudzi zambiri zakale zinkatsitsa malita 9 mpaka 13 nthawi imodzi. Mu 1992 dziko la America linakhazikitsa lamulo loti zatsopano zisapose malita 6. Zina zoyambirira zinali zofooka moti anthu ankagejemula kawiri, madzi n'kumawonongekabe. N'chifukwa chake mu 2003 kunayambika mayeso otchedwa MaP: amaponya mumtondo phala lolimba la soya lowumbidwa mofanana ndi zonyansa, n'kuona magalamu amene chimbudzi chikukokolola kamodzi. Zamphamvu zimafika magalamu 1,000. Mukaona nambala imeneyi pa katoni, iwerengeni. Ikutiuza kuti chachikulu si kuchuluka kwa madzi koma liwiro lake komanso kawumbidwe ka njira imene akudutsa. Choncho musaope cha mabatani awiri, la malita 3 ndi la malita 6.

Mitondo ilipo ya mitundu iwiri. Wa washdown umakankha zonyansa ndi madzi otsika mwamphamvu. Njira yake ndi yotakata, sutsekeka wamba, koma madzi otsala pansi ndi ochepa, ndiye burashi izigwira ntchito pafupipafupi. Wa siphonic umachita kuyamwa. Umasunga madzi ambiri ndipo sudetsedwa msanga, koma njira yake ndi yopapatiza. Kuona kwanga, m'nyumba momwe muli ana oponya mapepala ambirimbiri, washdown ndiye wabwino.

(Dzanja lilowe pakhosi pa mtondo watsopano.)

Apa musachite manyazi pamaso pa wogulitsa. Pisani dzanja, mufike kuseri kwa pokhota. Pazimveka posalala ngati m'kati mwa kapu. Mukamva pokhakhala, ndiye kuti njirayo sanaikutire bwino powotcha, ndipo zonyansa zizidzakanirira pamenepo. Kenako gogodani mtondowo ndi chala. Wathunthu umalira nge, wokhala ndi mng'alu wobisika umalira mogontha. Uikeninso pamalo osalala muone ngati sukugwedera.

Vundukulani thanki. Kwa ine apa ndi pagona nkhani yonse ya kudalirika. Mtondo ndi dongo lowotcha, umatha kukhala zaka makumi angapo. Zimene zimafa msanga ndi zam'katizi: valavu yolowetsa madzi, labala, batani. Funsani kuti, kodi izi zikawonongeka, zina zimapezeka? Kodi za kampani ina zingalowe? Chimbudzi chokongola chomwe labala wake sapezeka chidzakuvutitsani chikadali chatsopano. Ngati mwakonda chija thanki yake imabisika m'khoma, onetsetsani kuti dzanja likulowa bwino pa bowo la mabatani pokonza.

Za kutalika kwake kuchokera pansi, zambiri zimakhala masentimita pafupifupi 40. Za masentimita 43 mpaka 48 zimathandiza achikulire ndi ovutika maondo, koma ana mapazi amalendewera.

(Pulambala akumanga mabawuti.)

Pomanga, mabawuti amangidwe pang'onopang'ono, uku pang'ono, uko pang'ono. Akafinyidwa kwambiri dongo limang'aluka. Mtondo ugwidwe ndi mabawuti ake. Mukaukwirira mu simenti, tsiku lodzauchotsa mudzachita kuuswa. Pulambala asanachoke, gejemulani kangapo, kenako pukutani ndi tishu youma polumikizira paipi kuseri, pansi pa thanki ndi mozungulira mtondo. Tishu ikanyowa ngakhale pang'ono, akonze pomwepo musanamulipire.