Ndabwerako ku Orlando, za mpweya wa ku Kasungu ndazifotokoza ndekha

Moni nonse abale anga, a ku Joni, a ku Dublin, a kuno ku Mangalande, ndi inu amene mukundimvera muli kumudzi. Pano ndi 3 koloko usiku ndipo tulo tandithawa. Ndatsika basi yochokera ku Heathrow dzulo madzulo, sutikesi sindinatsegule n'komwe, koma nkhani ili kukhosiyi singadikire kuti kuche.

Amene mumanditsatira mukudziwa kuti ndinali ku Orlando, ku Florida, ku msonkhano wa SciTech umene AIAA, bungwe la ku America la akatswiri a ndege ndi zamlengalenga, limachititsa mu Januwale chaka chilichonse, kukafotokoza kafukufuku wanga wa mmene ma drone, tindege topanda woyendetsa m'kati, amaulukira mu mpweya wa ku Kasungu. Kumakhala anthu zikwizikwi, akatswiri a ndege, a maroketi, a ma satellite, a NASA ali pomwepo, ife ophunzira tili piringupiringu m'makonde ndi malaputopu athu. Za visa sindikamba, pasipoti yathu mukuidziwa, mapepala a kubanki mukuwadziwa. Ndinapita, basi.

Ndiyambe ndi zimene zinandipsetsa mtima. Kutatsala sabata imodzi kuti ndinyamuke, aprofesa amene amandiyang'anira anandiitana mu ofesi mwawo. Anayang'ana ma slide anga nati, zithunzi za ku Kasungu izi chotsa, anthu akubwera kudzamva sayansi, nkhani za kumudzi zisiye. Kenako, ngati akundichitira chifundo, anati mwina ndibwino alankhule ndi iwo, ine ndikhale pampando, chifukwa Chingerezi changa anthu ena angavutike kuchimva. Abale anga, zaka zitatu! Ndani ankagona mu labu? Ndani ankachoka ku shifiti ya kuwerehausi mbandakucha n'kupita kukayatsa makina miyendo ikunjenjemera? Maola 20 pa sabata amene visa ya sukulu imatilola aja, inu mukudziwa mmene timawafinyira kuti lendi ikwane ndi kumudzi kupite kangachepe. Ndinawayankha mwaulemu, monga tinaleredwera, kuti bwana, dzina loyamba papepalali ndi langa, ndikaima ndine.

Zithunzi ankazikanazo ndiye mtima wa kafukufuku wanga. Drone imauluka pokankhira mpweya pansi ndi timapiko take tozungulira, ma propeller aja. Ukakwera mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya umapepuka ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo Lilongwe ndi Kasungu zili pamwamba kuposa pamenepo. Onjezeranipo dzuwa la Okutobala, loti phula limachita kusungunuka, mpweya wotentha umapepukiratu. Ndiye kapiko kaja kayenera kuzungulira mwamphamvu kuti kanyamule katundu yemweyo, batire imatha msanga, ndipo ulendo umene pa pepala la kampani alemba kuti drone ikafika, kwathu ikhoza kutera panjira. Ngati yanyamula magazi kapena mankhwala a mwana, mwaona pamene pali vuto.

Ine za drone sindinazionere pa YouTube ayi. Mu 2016 ku Lilongwe anayesa kunyamula nazo magazi a makanda okayezetsa HIV. Mu 2017 boma lathu ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, makilomita 40 kuzungulira bwalo la ndege. Ndinkapalasa njinga kukaima chapatali n'kumaonerera alendo akuulutsa zinthu zawo m'mwamba mwathu, akamaliza n'kulongedza, manambala onse n'kupita nawo kwawo kukalemba mapepala. Zimenezo zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe. Mu 2020 anatsegula sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe, ana athu ayamba kupanga ndi kuulutsa okha, ndipo ndimawanyadira kwambiri. Koma amene amaima pa misonkhano ikuluikuluyi kufotokoza za thambo la Malawi, ndi angati a ife?

N'chifukwa chake mu Okutobala 2023 ndinapita kumudzi ndi timakina toyezera m'chikwama. Ndinaboola tebulo la amayi, lija timadyerapo pa Khirisimasi, n'kumangirirapo mota ndi propeller pakhonde. Masiku khumi, m'mawa kukuzizira, masana kukuwotcha, ine ndikulemba manambala, ana a m'mudzi atandizungulira, nkhuku zikuthawa phokoso. Amayi ankangoti, mwanawe, tebulo langalo ulibweza lili bwino? Pepani, ndasochera, koma nsima ya mgaiwa ndi chisoso imene ndinkadya masiku amenewo, ku Orlando ndinaiganizira usiku uliwonse. Kumeneko sabata yonse masangweji ozizira okhaokha.

Tsiku langa litafika, chipinda sichinali chachikulu, anthu mwina 40. Manja thukuta lokhalokha. Ndinayamba ndi chithunzi cha khonde la amayi chija, ndipo ndinaona mitu ikudzuka pa mafoni. Ndinaonetsa zimene ndinapeza mu labu kuno, kenako za ku Kasungu. Ndinafotokoza kuti timapiko tating'ono timavutika kawiri. Mpweya ukapepuka n'kutentha, nambala yoonetsa mmene mpweya ukuyendera pa kapiko, imene timaitcha Reynolds, imatsika, mpweya sumamatiranso bwino pamsana pa kapiko, ndiye mphamvu yotayika imaposa imene mungapeze mutangowerengera kupepuka kokha.

Nthawi ya mafunso, bambo wina wa imvi anaimika dzanja. Anafunsa kuti ndinasiyanitsa bwanji vuto la mpweya ndi vuto la batire ndi mota, poti nazonso zimafooka zikatentha. Funso la nyama limenelo, la munthu woti wamvetsera. Ndinamuuza kuti batire sindinagwiritse ntchito, magetsi ndinkawapereka pa muyeso umodzi wosasintha, ndipo ndinkayeza kutentha kwa mota, liwiro lake ndi mphamvu yopotokola pa shafti penipeni. Anagwedeza mutu n'kulemba. Titatuluka ananditsata, nandipatsa khadi lake, nati ndimutumizire manambala onse. Chingerezi changa cha ku Kasungu chomwechi anachimva bwinobwino, sanandifunse kuti ndibwereze ngakhale liwu limodzi.

Tsono ndilankhule ndi inu achinyamata, amene muli ku MUBAS, ku MUST, ndi inu muli kunja kuno mukupukuta nkhalamba usiku, masana muli m'kalasi. Lekani kudzichepetsa mopitirira muyeso. Ulemu tinaphunzitsidwa, inde, koma ulemu sutanthauza kupereka thukuta lako kwa wina kuti akalankhulire. Lembani chidule cha kafukufuku wanu, tumizani. Akakana, konzani, tumizaninso kwina. Ku msonkhano umenewu chidule chimapita miyezi yambiri msonkhano usanafike, pepala lonse limafunika mu Disembala, ndipo wopanda pepala salankhula, ndiye musamayambe mochedwa. Funsani ndalama za ulendo ku dipatimenti kwanu osachita manyazi, anzathu a kuno amafunsa tsiku lililonse ndipo amapatsidwa. Yesererani kulankhula pamaso pa anzanu mpaka mawu akhazikike. Ndipo chinthu cha kwanu chimene wina akukuuzani kuti muchibise, chiyang'anitsitseni kawiri musanachichotse. Sabata yonse ija sindinakumane ndi Mmalawi mnzanga ngakhale mmodzi woti ndimupatse moni wa kwathu. Ndinapeza mnyamata wa ku Kenya ndi mtsikana wa ku Nigeria, tinadyera limodzi ngati pachibale, koma mtima unkafuna wina woti ndimuuze kuti achimwene, zatheka.

Aprofesa atumiza imelo kuti tikambirane zotumiza pepalali ku magazini ya sayansi. Ndiwayankha Lolemba, pano ndilibe mawu abwino.

Amayi ndinawaimbira ndili pa bwalo la ndege. Sanafunse za NASA kapena za bambo wa imvi uja. Anafunsa ngati ndadya, kenako anati kalipentala wina akufuna kutseka mabowo a patebulo paja. Ndawauza kuti asatseke, Okutobala ndikubwera ndi ma propeller ena akuluakulu. Shifiti yanga ikuyamba 7 koloko, ndiye ndisiyire pano, tionana sabata yamawa.