Makalata a omvera: Sosa, Timve ndi Tsala, ndi makatuni a m'vidiyo

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu, kuyambira pa Thabwa kutsika nako ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka, osaiwala abale athu a kutsidya kwa Shire. Sabata yatha ndinangofunsa mocheza kuti kodi buku loyamba kuligwira m'manja mwanu linali liti, nde mwandidzazira tebulo ndi makalata, ena pa WhatsApp ena papepala long'amba m'kope la mwana, kkkk masamu ake ndawaona kuseriku, mwanayo akakwapulidwa mawa ine ndilibe mlandu. Tiyeni tiyambepo.

Yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Ngabu, alimi a thonje. Akuti:

"Achimwene mwandikumbutsa kutali. Ine sukulu ndinayamba nthawi ya Kamuzu tikulipira fizi, ndipo buku langa loyamba linali Sosa. Ndati langa koma silinali langa ayi, buku limodzi ife tili chigulu pansi pa mtengo wa nimu, wina wagwira uku wina uku, amene wakhala kutsogolo akuwerenga chozondoka, moti mpaka lero alipo mnzanga wina amawerenga nyuzi itazondoka bwinobwino, sindikunama. Kwathu tinkayankhula Chisena nde Chichewa chenicheni ndinakachipeza m'bukumo, aphunzitsi akuloza ndi kandodo ife tikukuwa a e i o u mpaka mbuzi za pafupi kuthawa. Pa Chingerezi kunali Timve ndi Tsala, ine ndinkayesa ndi anthu enieni amakhala ku Blantyre, ndimati ndikadzakwera mtunda wa Thabwa ndidzakawapatsa moni. Funso langa ndi lakuti mabuku amenewa anapita kuti? Ndikufuna Sosa mmodzi yekha ndimuonetse mdzukulu wanga."

Bambo, zikomo kwambiri, ndipo mnzanu wowerenga chozondokayo mumupatse moni. Inenso ndinadutsa momwemo, Sosa mu sitandade 1, Lima mu sitandade 2. Kumene anapita mabukuwa nkhani yake ndi iyi. Mabuku a ku pulayimale amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo silabasi ikasintha akale amachotsedwa m'kalasi, basi sasindikizidwanso. Chichokereni nthawi yanuyo yasintha kangapo, m'zaka za m'ma 1990, kenako 2007, kenakonso 2016 pamene inabwera ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme. Ndiye onjezani za 1994, sukulu yaulere itayamba nthawi ya a Bakili Muluzi ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni chaka chimodzi chokha, buku lililonse limene linali m'sukulu linagwiridwa mpaka kutha masamba. Otsala m'makabati chiswe chinadya, ena tinawaona tokha pamsika akukulungira mandasi ndi matemba, ena agogo anapichirira fodya, tisanamizane.

Nde m'sitolo musadzivute. Kumene ndingakulozereni ndi kwa aphunzitsi opuma, amenewo sataya pepala, mukafunsa bwino mupeza wina ali nalo pansi pa bedi. Mukapita ku Blantyre mungathenso kukafunsa ku National Library.

Koma ndinenepo maganizo anga, kaphunzitsidwe kaja kanali kabwino ndithu. Chichewa timalemba mmene timayankhulira, nde mwana akangogwira ba be bi bo bu, ma me mi mo mu, watha, amayamba kulumikiza yekha. Chaka chisanathe umapezeka ukuwerengera agogo kalata yochokera kwa amalume ku Joni, ndipo pamene pali nkhani ya akuluakulu amakulanda pepala nkuitana wina wamkulu.

Yachiwiri yachokera kwa achimwene ena a ku Nchalo, awa alemba pa WhatsApp ndipo alemba motalika, ndiwerenga mmene ilili.

"Akulu, inu mukunena za mabuku koma ife a m'ma 80 chathu chinali vidiyo sho. Madala ankadula nzimbe ku SUCOMA, ndalama yoti andipatse yolowera inali yosowa, nde tinkachita kupempha mwini vidiyo kuti tisese kapena tinyamule bolodi kukaimika pamsewu kuti atilowetse ulere. Zikakanika timakasuzumira pabowo la mphasa kuseri, diso limodzi, mosinthana, mnzako akachedwa umamukoka malaya. Mkatimo kutentha kwake inu mukukudziwa kwa Nchalo mwezi wa October, zitseko zotseka, jenereta ikulira panja, thukuta lili kamukamu koma palibe wotuluka. Filimu ya nkhonya isanayambe amayamba aika kaye Tom and Jerry poyembekeza kuti anthu adzaze, ndipo ife ana timafera pompo. Nthawi zina deki imatafuna kaseti, holo yonse kukuwa, mwini wake kutsegula nkumakoka tepi pang'onopang'ono, kuipiringiza ndi chala, kupukuta mkati ndi kansalu ka sipiriti, ikabwerera chithunzi chili mizeremizere koma ife m'manja basi. Tsopano tatsutsana ndi mnzanga, iye akuti Tom and Jerry anayamba kumuonera pa TV ya Malawi nthawi ya Kamuzu, ine ndikuti bodza. Tabetcherana nkhuku. Tiweruzeni."

Kkkk achimwene, kawotcheni madzi, nkhukuyo ndi yanu. Nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe siteshoni ya kanema, kunali wailesi ya MBC basi imene inayamba 1964. Television Malawi inatsegulidwa 1999, Kamuzu atachoka kale pampando mu 1994 ndiponso atamwalira mu 1997. Mnzanuyo anaoneradi pa sikirini ya TV, sitikukana, koma chimene chinkazungulira pansi pake inali kaseti.

Ndipo mwina simukudziwa, katuni imeneyi ndi yakale kuposa madala anu. Inayamba 1940 ku America, anaipanga anthu awiri, William Hanna ndi Joseph Barbera. Kompyuta kunalibe, chilichonse ankajambula pamanja, chithunzi chimodzichimodzi papepala la pulasitiki loonekera, kenako nkumazitola ndi kamera motsatizana, ndipo filimu imathamanga zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Kagawo kamodzi kamatenga mphindi ngati 7 zokha koma ntchito yake inali ya gulu la anthu kwa masabata ambiri. Anawina nayo mphoto za Oscar zokwana 7.

Chimene chinatigwira mtima ife kuno ndikuona kuti ndi ziwiri. Mulibe zoyankhula, nde Msena, Mmang'anja, ngakhale ana a anzathu othawa nkhondo ku Mozambique amene anadzaza Nsanje nthawi imeneyo, tonse timaseka pamodzi opanda wotanthauzira. Chinacho nchakuti nkhaniyo tinkaidziwa kale. Kambewa kaja ndi Kalulu, mphaka uja ndi Fisi, wamng'ono kupusitsa wamkulu tsiku ndi tsiku wamkuluyo osaphunzirapo kanthu. Amene anakulira m'mbali mwa Shire akukumbuka nthano ya Kalulu atapatsa Njovu nsonga imodzi ya chingwe, ina nkukapatsa Mvuu m'madzi, aliyense akuyesa akukokana ndi Kalulu pamene mwini wake wakhala pachulu akuseka. Ndi zomwezo, kungoti Azungu anazipaka utoto.

Kauthenga kafupi aka kachokera kwa mayi ena a ku Livunzu: "Ine ana anga ankakana bonongwe, nde ndinkawauza kuti ndi zimene amadya Popeye kuti manja atupe. Ankamaliza mbale yonse kenako kukamenyana panja."

Mayi, munachita bwino, zakumenyanazo ndi zawo. Popeye uja amadya sipinachi wa m'chitini, ndipo iyeyu ndi wamkulunso kwa Tom, anayambira m'nyuzipepala mu 1929. Pa nkhani ya makatuni a m'nyuzi, alipo wina wa pa boma ku Nsanje wangolemba mawu awiri, "Nanga Pewani?" Eetu, Pewani wa a Brian Hara mu Malawi News, ameneyo ndiye anali wathu weniweni. Nyuzi imafika kuno ndi basi itagona kale, koma imayenda nyumba ndi nyumba mpaka kufewa.

Tsopano iyi ndiwerenge modekha. Yachokera kwa agogo aakazi amene kwawo ndi ku Makhanga koma pano akukhala kumtunda, yalembedwa ndi mdzukulu wawo.

"Mwanawe, ine ndinali ndi sutikesi yachitsulo imene anandisiyira malemu amuna anga, iwo anali okonda kuwerenga. Munali Baibulo, buku la nyimbo, Nzeru za Kale, ndi buku lija la Sikusinja ndi Gwenembe limene ankawerengera ana madzulo pa koloboyi, akafika pa kambalame kaja ankaimba ndipo ana ankabisala kumbuyo kwanga. Madzi a 2015 anabwera usiku, tinathawa ndi zovala za m'thupi zokha, sutikesi inapita. Mbuzi tinapezanso zina, mapoto anatipatsa, koma mabuku amenewo sindinawaonenso. Lero adzukulu anga ukati bwerani ndikuuzeni nthano onse aunjirira foni ya mkulu wawo akuonera tizidole, ukati padangokhala palibe woyankha. Mafoni awa atiwonongera ana. Ndiuzeni amene analemba Sikusinja kuti mwana wanga akandifunire ku tawuni. Takhuta."

Agogo, pepani kwambiri. Madzi a January 2015 aja tonse tikuwakumbuka, Ruo ndi Shire zitakumana Makhanga inasanduka chilumba, ndipo chichokereni apo kwabwera anamondwe, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Pakabwera thandizo timawerenga matumba a chimanga, mabulangete ndi mahema, ndipo nzofunikadi, koma sindinamvepo wina akufunsa kuti m'mudzi muno mwapita mabuku angati. M'masukulu a m'madambo ambiri kabati yonse imasanduka phala, ana kubwerera m'kalasi muli matope ndi bolodi basi. Nchifukwa chake m'Chigwa cha Shire chino mabuku akale ndi osowa kuposa kumtunda, si kuti sitinkawerenga ayi.

Buku mukufunalo analemba ndi a John Gwengwe, omwenso analemba Kukula ndi Mwambo. Mwana wanu akafunse dzina limenelo m'masitolo a mabuku ku Blantyre, komanso kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, nthawi zina amenewo amakhala ndi zinthu zoti sungayembekezere.

Koma pa za mafoni agogo mundilole ndikutsutseni pang'ono, mwaulemu. Nthawi yathu makolo ankanenanso chimodzimodzi za vidiyo sho, ankati tidzasanduka mbava ndi zigawenga, ena mpaka ankabwera ndi chikoti kudzatitulutsa pakati pa filimu. Lero omwe tinkasuzumira pabowo aja ndife aphunzitsi, anamwino, ena abusa, ena tikubwebweta pa wailesi pano. Mwana amakonda nkhani, kulikonse kumene nkhani ikuchokera amapita komweko. Chimene chimandidandaulitsa ine nchakuti m'fonimo mulibe chathu. Mwana wa ku Tengani akudziwa mayina a tizidole ta ku America ndi ku Japan tonse, koma mufunseni kuti anagwira Kalulu pachitsime ndani, akuyang'anani. Ndipo si mlandu wake, nanga aziona kuti? Nthano zathu zambiri, makamaka za m'Chisena ndi Chimang'anja, sizinalembedwe m'buku lililonse, zili m'mitu mwa inu agogo, nde inuyo mukakhumudwa nkukhala chete ndiye kuti zathera pomwepo.

Nde iwe mdzukulu amene walemba kalatayi, ndikuyankhula ndi iwe tsopano. Foni yomweyo ili ndi pojambulira mawu. Madzulo ano agogo akatha kudya uwapemphe nthano imodzi, azing'ono ako akhale pompo aziyankha tili tonse, nyimbo yake aimbenso osadumpha, chifukwa nthano yopanda nyimbo ana amagona. Ujambule utumize pa nambala yomwe watumizira kalatayi, ngakhale m'Chisena, tidzaiulutsa mmene ilili. Netiweki ikavuta kwera pachulu, tonse timatero. Ndipo agogo mudzaone ngati adzukuluwo sadzaunjirira foni kuti amve mawu anu.

Enanso nonse chimodzimodzi, amene muli ndi agogo odziwa nthano tijambulireni. Amene mwasunga Sosa, Lima, Timve ndi Tsala kapena Sikusinja, ngakhale lopanda chikuto, tidziwitseni, sitikulandani ayi, bambo a ku Ngabu aja angofuna mdzukulu aone ndi maso. Makalata atsala ambiri, ya achemwali a ku Masenjere yokhudza magazini ya Moni ndi ya aphunzitsi opuma a ku Chiromo tidzayamba nazo sabata yamawa. Pano tikupita ku mauthenga, ndipo amene mbuzi zanu zitatu zinasochera ku Sorgin Lachiwiri musachoke pa wailesi, zapezeka.