Masewero a makadi a zilankhulo za dziko lapansi: chotsani mbendera pa khadi lanu

(Kamera ionetse khadi limodzi pafupi.)

Taonani khadi ili. Palembedwa liwu limodzi lokha, loti burro. Mukalitchula ku Portugal kapena ku Spain, anthu adzamva kuti mukunena bulu, nyama yokoka ngolo ija, ndipo liwu lathu loti bulu linachokera ku Chipwitikizi komweko. Koma mukalitchula m'nyumba yodyera ku Italy, adzakubweretserani batala wopaka pa buledi. Tsiku loyamba limene ndinaika khadi limeneli pamaso pa abale anga, mkangano unabuka nthawi yomweyo, amalume akulumbira kuti palibe mtundu wa anthu umene ungapake bulu pa buledi, ndipo ndinadziwira pomwepo kuti masewerowa adzakoma.

Moni nonse, takulandirani. Lero tikambirana momwe mungakonzere masewero a makadi a paphwando, odziwitsa anthu zilankhulo za dziko lapansi. Ndikupemphani kuti musachoke tisanafike pa mfundo yachitatu, chifukwa pamenepo pali bodza limene ndakhala ndikuliona pa makadi, m'mabuku a ana ndi pa intaneti, ndipo limandipsetsa mtima. Ngati n'koyamba kufika pa tchanelo chino, dinani batani la subscribe tsopano lino musanaiwale.

Mfundo yoyamba ndi yakuti phwando si kalasi. Masewero amene amafunsa kuti "moni m'Chijapani ndi chiyani" amapambanitsa munthu mmodzi yekha, yemwe anaphunzira kwambiri kapena anayenda maiko, ndipo ena onse amayamba kuyang'ana m'mafoni awo. Njira imene ine ndinasankha ndi yonamizana. Wogawa makadi amawerenga liwu lachilendo, aliyense amalemba tanthauzo lopeka pa kapepala, timapepalato timasakanizidwa ndi kamene kali ndi tanthauzo lenileni, kenako onse amasankha kamene akukakhulupirira. Wopeza yankho loona amalandira mphotho, koma amene bodza lake lapusitsa anzake amalandiranso. Motero agogo amene sanapite patali ndi sukulu, koma ndi akatswiri a nthano, amagonjetsa mdzukulu wa ku yunivesite. Liwu la Chijeremani loti Gift limagwira anthu odziwa Chingerezi nthawi zonse, popeza iwo amathamangira kunena kuti ndi mphatso, pamene tanthauzo lake ndi poizoni.

Mfundo yachiwiri ndidutsapo mwachangu. Khadi lozolowereka limakhala mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali, ndipo makadi 9 amakwana pa pepala limodzi la A4. Mapepala 6 amakupatsani makadi 54, chiwerengero chofanana ndi paketi wamba ya makadi 52 ndi majoka awiri. Paketi yakale ya masewero a makadi otchedwa Uno inali ndi makadi 108, koma inu musayambire pamenepo, chifukwa khadi lililonse la chilankhulo limafuna kufufuzidwa. Yambani ndi katoni ndi cholembera, makina osindikizira adzabwera pambuyo. Komanso, popeza akuluakulu ambiri kwathu kuno akangoona makadi amaganiza za njuga, werengerani mphotho ndi nyemba kapena zitsekerero za mabotolo, ndalama zisafike pa tebulo.

Tsopano tafika pa mfundo yachitatu, ndipo mundikhululukire ngati nditengapo nthawi.

(Aonetse khadi lokhala ndi mbendera pakona, kenako alitembenuze.)

Pafupifupi aliyense wokonza makadi otere amaika kambendera pakona kuti asonyeze chilankhulo. Kumbuyo kwa chizolowezi chimenechi kuli chikhulupiriro chakuti dziko lililonse lili ndi chilankhulo chake chimodzi, ndipo chilankhulo chilichonse chili ndi dziko lake limodzi. Zimenezi n'zabodza, ndipo masamu okha akukana. Bungwe la United Nations lili ndi maiko 193, pamene zilankhulo zolankhulidwa lero zikuposa 7,000. Papua New Guinea yokha ili ndi zilankhulo zoposa 800, Nigeria ili ndi zoposa 500, koma dziko lililonse mwa awiriwa lili ndi mbendera imodzi. Kodi khadi la Chiyoruba, la Chiigbo ndi la Chihausa onse muwaika mbendera yofanana? Nanga wosewera aphunzirapo chiyani?

Titembenuze funsolo. Pa khadi la Chipwitikizi anthu amakonda kuika mbendera ya Portugal, dziko la anthu pafupifupi 10 miliyoni, pamene Brazil ili ndi anthu oposa 200 miliyoni, ndipo chilankhulo chomwechi ndi cha boma ku Angola ndi kwa anansi athu a ku Mozambique. Olankhula Chisipanishi ndi ochuluka ku Mexico kuposa ku Spain. Chiarabu ndi chilankhulo cha boma m'maiko oposa 20, ndipo mukasankha mbendera ya limodzi mwa iwo mwakhumudwitsa ena onse. Switzerland ili ndi zilankhulo zinayi za dziko, zomwe ndi Chijeremani, Chifalansa, Chitaliyana ndi Chiromanshi. Akurdi, amene ali ku Turkey, Iraq, Iran ndi Syria, ali ndi chilankhulo koma alibe dziko loima palokha, choncho njira ya mbendera za maiko imangowafafaniza pa masewero anu ngati kuti kulibe.

Mwina mukuganiza kuti zimenezi ndi za kutali. Tengani khadi la chilankhulo chimene ndikulankhulachi. Muikapo mbendera iti? Ku Malawi dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa ngati la chilankhulo cha dziko mu 1968, koma ku Zambia chimadziwika kuti Chinyanja ndipo chimamveka kuyambira ku Chipata mpaka m'misika ya ku Lusaka. Ku Mozambique chimalankhulidwa m'zigawo za Tete ndi Niassa. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pa mndandandawo, popeza unalembedwa motsata zilembo. Mukaika mbendera ya Malawi yokha, mwauza mlongo wathu wa ku Katete kuti chilankhulo chimene anayamwira ndi chobwereka. Mwauzanso Mtumbuka, Myao, Mlhomwe, Msena ndi Mtonga kuti mbendera yawo ikuimira chilankhulo cha munthu wina. Malire a maiko athuwa anajambulidwa ndi atsamunda m'zaka zotsatira msonkhano wa ku Berlin wa mu 1884 mpaka 1885, ndipo zilankhulo zinalipo kale malirewo asanadutse pakati pa midzi ya anthu apachibale.

Lembani m'munsimu dera limene mukuonerera vidiyoyi ndi dzina limene mumatchula chilankhulochi kwanuko, chifukwa ndikufuna kuona kuti mbendera zingati zituluka.

Sindinamalize. Ngakhale ku Ulaya, kumene ganizo la dziko limodzi chilankhulo chimodzi linakulira, silinakhalepo loona. M'chaka cha 1794, wansembe wina wa ku France, Henri Grégoire, anapereka lipoti ku nyumba ya malamulo lodandaula kuti anthu mamiliyoni ambiri a m'dzikomo sankalankhula Chifalansa, ndipo anapempha kuti zilankhulo za m'madera zithetsedwe. Kuti France ifike pooneka ngati dziko la chilankhulo chimodzi, panafunika masukulu ndi malamulo a boma kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero kuli olankhula Chibretoni, Chibasiki ndi Chikosika. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa koposa ndi cha zilankhulo zamanja. Britain ndi America onse amalankhula Chingerezi, koma chilankhulo chamanja cha ku Britain n'chosiyana kotheratu ndi cha ku America, ndipo cha ku America chili pachibale ndi cha ku France, chifukwa mphunzitsi wosamva wochokera ku Paris, Laurent Clerc, anathandiza Thomas Gallaudet kutsegula sukulu ya osamva ku Hartford mu 1817. Ndiuzeni mbendera imene ingafotokoze zimenezo.

Nanga pakona pa khadi tiikepo chiyani? Ikani dzina la chilankhulo monga momwe eni ake amachitchulira, monga Deutsch, Kiswahili kapena isiZulu, ndipo pambali pake jambulani kamapu kopanda malire a maiko, kodetsedwa pamene olankhulawo ali. Mtundu wa khadi usonyeze banja la chilankhulo, monga momwe makadi wamba alili ndi magulu anayi. Apa ndi pamene masewero amapeza mchere. Wosewera amene wasonkhanitsa makadi atatu a banja limodzi amalandira mphotho yowonjezera, ndipo amadzionera yekha ubalewo: munthu m'Chichewa, mtu m'Chiswahili, munhu m'Chishona, umuntu m'Chizulu. Khadi la Chimalagasi limadabwitsa aliyense, pakuti Madagascar ili tsidya lina la nyanja kuchokera ku Mozambique, koma chilankhulo chake si cha banja lathu la Bantu, abale ake enieni ali ku chilumba cha Borneo ku Indonesia.

Khadi limene ndimalikonda kwambiri ndi la tiyi. Ku Tanzania amati chai, ndipo mawu ofanana nalo amamveka m'Chihindi, m'Chirasha, m'Chiteki ndi m'Chiarabu, onse ochokera ku liwu la Chitchaina loti cha, limene linayenda ndi amalonda a pamtunda. Koma amalonda a ku Netherlands ankagula masambawa kwa anthu a m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa China, amene m'chilankhulo chawo amati te, ndipo kuchokera pamenepo Angerezi anati tea, Afalansa thé, ife n'kulandira tiyi. Osewera amapatsidwa dzina la chilankhulo n'kulosera ngati chili kumbali ya chai kapena ya tiyi. Ambiri amagwa pa Chipwitikizi, chifukwa amaganiza kuti Azungu onse ali mbali imodzi, pamene Apwitikizi, amene ankachita malonda ku doko la Macau ku China, amati chá.

Mfundo yachinayi ndi ya zilembo, ndipo pano ndinapsa ndekha. Nditakonza makadi oyamba pa kompyuta, ndinapita nawo kosindikiza, ndinalipira, ndinawadula bwinobwino ndi lumo. Madzulo ake mnzanga wina amene anaphunzira ku madarasa anatola khadi la Chiarabu, analiyang'ana kanthawi, kenako anaseka mpaka misozi. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere ndipo zilembo zake zambiri zimalumikizana, koma pulogalamu imene ndinagwiritsa ntchito inazilekanitsa n'kuzindandalika chobwerera. Makadi ena a Chiamhariki anatuluka ndi timabokosi topanda kanthu m'malo mwa zilembo. Kuti mupewe zimenezi, gwiritsani ntchito zilembo za Noto, zimene Google inakonza kuti zikwanire malembedwe ambiri a dziko lapansi ndipo n'zaulere, sungani ntchito yanu ngati PDF musanapite kosindikiza, ndipo khadi lililonse lionedwe ndi munthu wodziwa kuwerenga chilankhulocho. Musadalire makina omasulira okha. Ikaninso makadi a malembedwe amene tikudziwa owayambitsa, chifukwa amakoma kufotokoza: Hangul ya ku Korea, imene inalengezedwa ndi Mfumu Sejong mu 1446, N'Ko imene Solomana Kanté anakonza mu 1949 ku West Africa, ndi zilembo za Mwangwego zimene Nolence Mwangwego anakonzera zilankhulo za ku Malawi.

Chikalata chokhala ndi mizere yodulira makadi 9 pa A4 ndachiika pa linki imene ili pansi pa vidiyoyi, ndipo n'chaulere. Ngati mwapindulapo kufika pano, dinani chala chija ndi belu lomwe.

Mfundo yachisanu ndi ya katchulidwe. Pepala silitulutsa mawu. M'Chimandarini, chilankhulo chachikulu cha ku China, liwu loti ma likhoza kutanthauza mayi, kavalo kapena kukalipira, malinga ndi kukweza kapena kutsitsa kwa liwu, ndipo ife sitiyenera kudabwa, popeza mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika timausiyanitsa ndi khutu ngakhale kalembedwe kali kofanana. Ena amaika kachizindikiro ka QR pa khadi kuti foni iwerenge liwulo. Njirayi ndi yabwino, koma imadya bandulo ndipo imabwezera maso a anthu ku mafoni amene timafuna kuti awaiwale. Ine ndimalemba katchulidwe m'zilembo za Chichewa pansi pa liwu, ndipo mawu ojambulidwa ndimawasunga mu foni imodzi ya wogawa makadi, yotulutsidwa pokhapokha pakabuka mkangano. Chenjezo limodzi lokha: kuseka kukhale pa lilime la wosewera limene lakanika kutchula q wa Chixhosa, osati pa eni chilankhulocho. Khadi lililonse lopempha munthu kuti atsanzire kalankhulidwe ka mtundu wina monyoza, ling'ambeni.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi ndi yaifupi. Perekani makadiwo kwa anthu amene sanawaonepo, inu mukhale pambali osalankhula kanthu, ndipo khadi limene ladutsa popanda wina kuseka kapena kufunsa funso lichotsedwe. Pa makadi anga oyamba, ambiri mwa amene anagwa anali a moni, chifukwa palibe bodza lokoma limene munthu angapeke pa liwu loti moni.

Mu vidiyo yotsatira tidzatenga makadi a mawu obwereka, kuyambira nsapato ndi mbatata mpaka kalata, liwu limene linachokera ku carta wa Chipwitikizi, ndipo m'Chipwitikizimo carta amatanthauzanso khadi losewerera ngati lili m'manja mwangali. Amalume atumiza uthenga kuti akufuna kubwereza masewero a bulu uja, choncho ndikupita kukadula makadi ena. Zikomo kwambiri, tionane sabata yamawa.