Bogstad: Nyumba Imene Inamangidwa ndi Ndalama za Matabwa

(Chithunzi: nyanja ya Bogstadvannet, nyumba ikuonekera kuseri kwa mitengo)

Moni nonse oonera. Lero tili chakumpoto kwa mzinda wa Oslo ku Norway, m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya Bogstadvannet. Chinyumba mukuchionachi ndi Bogstad. Mwini wake anali Peder Anker, amene anakhala nduna yaikulu yoyamba ya Norway kuyambira 1814 mpaka 1822.

Kalekale malowa anali a amonke a pachilumba cha Hovedøya. Mfumu inawalanda, kenako n'kuwagulitsa mu 1649. Anker anadzawagula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1770, asanakwanitse ndi zaka 25 zomwe. Anakulitsa nyumba, nadzaza makoma ake ndi zithunzi zojambula pamanja. Anaitananso katswiri wa zamaluwa wa ku Germany, Johan Grauer, kuti amukonzere munda wa tinjira tokhotakhota ndi maiwe, monga ankachitira anthu olemera a ku England.

Nanga ndalama zonsezi ankazitenga kuti? Tayang'anani kuseri kwa nyumbayi.

(Chithunzi: nkhalango ya Nordmarka kuchokera m'mwamba)

Chuma cha Anker chinali nkhalango iyi. M'nyengo yozizira amuna ankagwetsa mitengo, chipale chikasungunuka ankaiponya m'mitsinje, madzi n'kuitengera kunyanja imene taiona ija. Ikachekedwa, matabwa ankakwezedwa m'zombo, ambiri kupita ku Britain. Mu 1791 anagulanso fakitale yosungunula chitsulo ya Bærums Verk. Ng'anjo zake zinkadya makala osaneneka, ndipo makalawo ankachokeranso m'nkhalango. Anakonzetsa ndi msewu wonyamulira chitsulo, Ankerveien, umene anthu amayendamo mpaka lero.

Koma chimene chimandidabwitsa kwambiri n'ichi. Mitengo yake ina inali kutsidya kwa mapiri, ndipo madzi akumeneko amatsikira kwina, ku tauni ya Drammen. Iye ankaifuna kuno, kumacheka ake. Ndiye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 analemba ntchito injiniya wa ku Sweden, Samuel Bagge, kuti apange makina otchedwa Kjerraten. Anali mawilo 12 aakulu ozunguzidwa ndi madzi, ondondozana m'phiri. Wilo lililonse linkakoka unyolo, unyolowo n'kumakoka zipika. Wilo lina likafikitsa chipika, linzake linkachilandira, mpaka chitakwera mamita pafupifupi 400 kuchokera kunyanja ya Steinsfjorden. Popanda injini, popanda magetsi. Madzi akutsika, mitengo ikukwera. Ikafika pamwamba ankaiponyanso m'madzi, ulendo wa ku Bogstad.

Amene ankakoleka zipika ku unyolowo, owotcha makala, ndi alimi okhala pamalo a bwana amene ankalipira lendi ndi thukuta lawo, nkhope zawo sizili pamakoma. Komatu mpando uliwonse m'nyumbamu unagulidwa ndi ntchito yawo, ndipo mlendo aliyense ayenera kuwakumbukira akamasirira zipindazi.

(Chithunzi: nyumba ya ku Eidsvoll)

Tibwere ku 1814. Dziko la Norway linali pansi pa mfumu ya Denmark kwa zaka pafupifupi 400. Nkhondo za Napoleon zitaipira Denmark, pangano la ku Kiel la mu Januwale chaka chimenecho linapereka Norway kwa mfumu ya Sweden, eni dziko osafunsidwa. Anthu anakana. Amuna 112 anasonkhana ku Eidsvoll, m'nyumba ya Carsten Anker, msuweni wake wa Peder, kuti alembe malamulo aakulu a dziko. Woyamba kusankhidwa kutsogolera msonkhanowo anali Peder Anker.

Chikhalirecho iye sanali kumbali ya ambiri amene ankafuna ufulu wathunthu. Pamodzi ndi mkamwini wake, Herman Wedel Jarlsberg, ankaona kuti Norway sangalimbane ndi Sweden, bola kugwirizana mwaulemu, dziko n'kusunga malamulo ake. Malamulowo anasainidwa pa 17 Meyi. Kunabwera kankhondo kakafupi, ndipo pofika Novembala zinachitika monga iye ankanenera: mfumu imodzi, mayiko awiri, Norway ndi nyumba yake ya malamulo.

Apa ndi pamene anamusankha kukhala nduna yaikulu. Udindowu unali wachilendo ndithu, chifukwa nduna yaikulu ya Norway inkayenera kukhala ku Stockholm, likulu la Sweden, pafupi ndi mfumu, pamene nduna zina zinkayendetsa boma ku Christiania, umene lero ndi Oslo. Choncho zaka zimene dzina lake linali pamwamba kwambiri ndi zomwenso ntchito yake inali kutali ndi Bogstad. Anatula pansi udindo mu 1822, namwalira mu 1824.

(Chithunzi: mkati mwa nyumba, chipinda ndi chipinda)

Nyumba inatsala m'manja mwa mwana wake Karen ndi mwamuna wake Wedel Jarlsberg. Zidzukulu zawo zinaisunga mpaka 1955, pamene zinaipereka ku bungwe loisamalira, pamodzi ndi mipando, zithunzi ndi ziwiya zake. N'chifukwa chake mukalowa simuona zinthu zotoleredwa kwina, koma za banja lomwelo. Bungwelo limagwira ntchito limodzi ndi Norsk Folkemuseum, malo osungirako zinthu zakale za chikhalidwe cha Norway, ndipo pafamupo pakadali nkhosa ndi ng'ombe zimene ana a ku Oslo amabwera kudzaona.