Kuchotsa lactic acid m'madzi otsala pafakitale ya yogati

[Pa sikirini: thanki ya madzi otuwa mwachikasu]

Madzi mukuwaonawa amatsala akamapanga yogati yolimba ija ya Greek. Muli shuga wa mkaka wotchedwa lactose, calcium, timapuloteni pang'ono ndi lactic acid, ndipo pH yake (muyeso wa asidi: ikatsika, asidi ndi wamphamvu) imakhala chapafupi ndi 4.5. Mukawaumitsa kuti mupange ufa, asidiyo amachititsa ufawo kumata m'makina. Mukawathira mumtsinje, mabakiteriya owadya amamaliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kufa. Pamene lactic acid yemweyo ndi malonda: amapangira zakudya komanso pulasitiki ya PLA.

[Pa sikirini: mapaipi a ultrafiltration]

Poyamba pamachotsedwa mafuta ndi mapuloteni. Ntchito imeneyi ndi ya ultrafiltration, kukankha madziwo kudutsa membrane (sefa yopyapyala) yotseka mamolekyu olemera kupyola 10 kDa, kapena kuti madalton 10,000 (dalton ndi muyeso wa kulemera kwa molekyu), pa presha ya 2 mpaka 5 bar. Mukadumpha gawo ili, mapuloteni amayala pa membrane yotsatira ngati nkhoko pansi pa poto.

[Pa sikirini: manambala 90 ndi 342]

Tsopano nanofiltration, sefa ya timabowo tating'ono kwambiri yolekanitsa asidi ndi shuga, ndipo apa tichedwepo. Molekyu ya lactic acid imalemera madalton 90, ya lactose 342. Membrane yathu imatseka zolemera kupyola 150 mpaka 300, pa presha ya 10 mpaka 30 bar. Kungowerengera choncho, asidi adutse, shuga atsale. Koma membrane imeneyi, yopangidwa ndi pulasitiki ya polyamide, si sefa ya ufa yoyang'ana kukula kokha. Pamwamba pake pamakhala chaji ya negativu, ndipo imakankha chilichonse cha chaji yofanana nayo.

Lactic acid ali ndi pKa ya 3.86, kutanthauza kuti pa pH imeneyi theka la mamolekyu ake limakhala ndi chaji, theka lilibe. Pa pH 6, mamolekyu 99 mwa 100 amakhala atasanduka lactate, wa chaji ya negativu, ndiye membrane imawabweza ambiri. Pa pH 3, pafupifupi 88 mwa 100 alibe chaji, amangodutsa. Membrane ndi yomweyo, pampu ndi yomweyo, chasintha ndi pH basi. Ndiye amene akudandaula kuti asidi sakudutsa ayambe wayeza pH asanaitanitse membrane ina yodula.

Nanga pH mutsitsa ndi chiyani? Hydrochloric acid ndi wosavuta, koma chloride wake amadutsa limodzi ndi asidi wanu, pamodzi ndi sodium ndi potassium. Sulphuric acid ali ndi sulphate yemwe membrane imamugwira, koma akakumana ndi calcium wochuluka amapanga gypsum, mchere wouma ngati choko, pa membrane pomwepo. Madzi a calcium wambiri ngati awa, chloride ndiye vuto locheperapo.

[Pa sikirini: reverse osmosis]

Zodutsazo zimakhala madzi ambiri, asidi pang'ono. Apa timatembenuza kiyi yemweyo wa pH: thirani sodium hydroxide mpaka pH ifike 6 kapena 7, kenako reverse osmosis, membrane yodutsitsa pafupifupi madzi okha, pa 20 mpaka 40 bar. Madzi amadutsa, lactate amatsala n'kumakhuthala. Akamakhuthala, presha yofunika imakwera, moti pamafika poti pampu ikungodya magetsi madzi akutuluka modontha. Imirani pomwepo.

Kuti sodium lactate abwerere kukhala asidi, pamagwiritsidwa ntchito electrodialysis ya bipolar membrane, njira yolekanitsa zinthu za chaji pogwiritsa ntchito magetsi. Magetsi amang'amba madzi, mbali ina kumatuluka lactic acid, mbali ina sodium hydroxide yemwe mumabwezera ku gawo lam'mbuyo lija. Njira yakale ya laimu ndi sulphuric acid imasiya pafupifupi tani imodzi ya gypsum pa tani iliyonse ya asidi. Koma pa electrodialysis, calcium ndi magnesium azichotsedwa kaye ndi ion exchange resin, timikanda towagwira, apo ayi amauma mkati mwa membrane.

[Pa sikirini: membrane yowonongeka]

Chimene chimapha polyamide msanga ndi chlorine. Ngakhale madzi otsukira okha, chlorine wake asapyole 0.1 ppm (0.1 mg pa lita); ngati ndi a m'mpopi, thirani kaye sodium metabisulphite, yemwe amachotsa chlorine. Kutentha kusapitirire 45°C.

Madzi odutsa akatsika ndi 10 mpaka 15 peresenti, tsukani, osadikira sabata yamawa. Yambani ndi soda (sodium hydroxide uja) wa pH 11 kuchotsa mapuloteni ndi mafuta, mutsukuluze, kenako asidi wa pH 2 kusungunula calcium. Mukayamba ndi asidi, mapuloteni aja amauma n'kukakamira, ndipo soda wobwera pambuyo amavutika kuwachotsa.