Atachimenti kwa katswiri wotsatsa malonda pa intaneti: mukatoleko chiyani?

Moni nonse amene mukutionera, kaya muli ku Luwinga, ku Chibavi, ku Katoto, ku Zolozolo kapena kunja kwa Mzuzu. Vidiyo ya lero ndi ya inu amene mwapeza malo a atachimenti kwa munthu amene ntchito yake ndi kutsatsa malonda a ena pa intaneti. Mwina mukuchokera ku Mzuni, ku Unilia, ku Mzuzu Technical College, kapena munangopita nokha kukapempha kuti akuphunzitseni ntchito. Nonsenu khalani pansi tikambirane.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti achinyamata ambiri amatha miyezi yonse ya atachimenti akupanga zithunzi pa Canva, nthawi n'kutha, n'kubwerera kusukulu akudziwa kusankha mitundu ndi zilembo basi. Kupanga zithunzi ndi luso labwino, sindikunyoza ayi, koma aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo angathe kuliphunzira yekha pa YouTube. Chimene simungachipeze pa YouTube chili m'mutu mwa abwana anuwo komanso m'manambala a malonda a makasitomala awo: njira imene positi imayenda mpaka ndalama italowa mu Airtel Money kapena Mpamba ya mwini bizinesi. Mukapite kukaphunzira njira imeneyo, kuyambira poyambira mpaka pothera.

Tisanafike kumeneko, pali zofunika kumvana tsiku loyamba lomwe. Bandulo ya ntchito agula ndani? Akakutumani kukajambula katundu ku Taifa kapena ku loji ina ku Nkhata Bay, ya kabaza ndi ya minibasi ichokera kuti? Mugwiritsa ntchito foni yanu kapena ya ofesi? Funsani mwaulemu, koma funsani ndithu, chifukwa zinthu zing'onozing'ono zoterezi n'zimene zimadanitsa anthu pakati pa ulendo. Ngati kusukulu anakupatsani buku lolembamo zomwe mukuchita, lionetseni tsiku lomwelo kuti adziwe kuti pali posayinira.

Ndiye pemphani ntchito imene ambiri amaithawa: kuyankha mauthenga. Inde, inbox. Nenani kuti, “Bwana, ndimapempha ndizithandizako kuyankha makasitomala, inu muzindiona m'mene ndikuyankhira.” Anthu amaiona ngati ntchito yonyozeka, koma malonda amagwa kapena kudzuka pamenepo. Muli mu inbox mudzamva mafunso enieni a anthu. Tiyerekeze kuti kasitomala wa abwana anu amagulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga. Positi yalembedwa bwino, chithunzi n'chowala, koma anthu khumi otsatizana akufunsa funso limodzi: “Ku Lilongwe mumatumiza?” Ndiye kuti positiyo yasiya chinthu chimene ogula akufuna kudziwa. Lembani funsolo penapake, mukawauze abwana anu, positi yotsatira inene poyera kuti katundu amatumizidwa pa basi kapena pa kampani yonyamula katundu, ndiponso kuti ya mayendedwe alipira ndani. Mukatero mwayamba kale kugwira ntchito yotsatsa malonda, ngakhale simunajambule kanthu.

Mu inbox momwemo mudzaphunziranso chilankhulo. Kuno ku Mzuzu wina alemba Chitumbuka, wina Chichewa, wina Chizungu, wa ku Nkhata Bay akhoza kukupatsani moni m'Chitonga. Muyankheni munthu m'chilankhulo chimene wabwera nacho ngati mungathe. Ngati Chitumbuka chanu n'chochepa, pemphani mnzanu wa mu ofesi akulembereni mayankho a mafunso amene amabwera kawirikawiri, muwasunge. WhatsApp Business ili ndi malo osungirako mayankho okonzeratu, ili ndi katalogi yoikamo katundu ndi mitengo yake, komanso zizindikiro zomata pa dzina la munthu kuti mudziwe amene wangofunsa, amene walonjeza kulipira ndi amene walipira kale. Zonsezi n'zaulere, koma mabizinesi ambiri sazigwiritsa ntchito. Mukazidziwa bwino, mwapeza kale chinthu chimene mungakathandize nacho mwini saluni kapena wogulitsa kaunjika m'dera lanu.

Pano ndiikepo maganizo anga: chizolowezi cholemba kuti “mtengo ku inbox” chimathamangitsa ogula ambiri kuposa amene chimakopa. Munthu amene bandulo yake ikutha safuna kudikira yankho la mtengo wa nsapato. Koma musakatsutsane ndi abwana anu ndi pakamwa pokha. Pemphani kuti muyese: positi ina ikhale ndi mtengo, ina isakhale nawo, manambala aweruze.

Tafika pa manambalawo, ndipo apa ndikhalitsapo.

(Pa sikirini paoneke tsamba la manambala la Meta Business Suite.)

Facebook ndi Instagram zonse ndi za kampani ya Meta, ndipo Meta Business Suite imaonetsa m'mene positi iliyonse yayendera. Muona nambala ya anthu amene positi yawafikira, ndi nambala ina ya maulendo amene positiyo yaonekera. Ziwirizi n'zosiyana, chifukwa munthu mmodzi akhoza kuiona kanayi. Muonanso ma like, ndemanga, ndi amene agawana ndi anzawo. Manambala amenewa amasangalatsa maso, ndipo eni mabizinesi ambiri amakondwa nawo, koma ma like salipira lendi ya shopu. Funso loti muzifunsa nthawi zonse ndi ili: pa ndalama imene yalowa, anthu angati alemba uthenga, ndipo mwa amenewo agula ndi angati?

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekeza.

(Pa sikirini palembedwe: K50,000, mauthenga 40, ogula 5.)

Tinene kuti kutsatsa mpunga uja kwadya K50,000. Anthu 40 alemba uthenga. Ndiye kuti uthenga umodzi wagulidwa pa K1,250. Mwa anthu 40 aja, agula ndi 5. Wogula mmodzi wadya K10,000. Tsopano funsani: pa thumba limodzi mwini mpunga amapindula zingati? Ngati amapindula K4,000 ndipo aliyense wagula thumba limodzi, waluza, ngakhale positiyo itakhala ndi ma like zikwizikwi. Ngati ogulawo ndi eni malesitilanti amene azibweranso mwezi ndi mwezi, nkhani yasintha, K10,000 ija ibwerera. Mwaona kuti yankho silili pa Facebook pokha? Theka lake lili m'kabuku ka mwini bizinesi. Katswiri weniweni amafunsa za phindu la katundu asanaike ngakhale tambala pa kutsatsa, ndipo inu mukhale pafupi pamene akufunsa mafunso amenewo. Pemphani kuti muzipita nawo akamakakumana ndi makasitomala. Khalani chete, mvetserani, lembani.

Onaninso pamene anthu 35 aja atayikira. Kodi anayankhidwa mochedwa? Anathawa atamva mtengo? Anali kutali kumene katundu safika? Lililonse mwa mavutowa lili ndi mankhwala ake, ndipo kuwonjezera ndalama yotsatsira si mankhwala a onse.

China choti muumirire kuti muone ndi Ads Manager, chida cha Meta choyendetsera kutsatsa kolipira. Ambiri amadziwa batani lija lobusitira positi, kutanthauza kulipira kuti ifike kwa anthu ambiri, limene limaoneka pansi pa positi iliyonse. Limagwira ntchito, koma limakupatsani zosankha zochepa. Mu Ads Manager ntchito imagawidwa patatu. Pamwamba mumasankha cholinga: kodi mukufuna anthu angodziwa dzina la bizinesi, alowe pa webusaiti, alembe uthenga, kapena agule? Pakati mumasankha anthu oti aone, dera limene ali, zaka zawo, ndi masiku amene malondawo ayende. Pansi m'pamene pali chithunzi kapena vidiyo ndi mawu ake. Cholinga chija n'chofunika kwambiri, chifukwa makina a Meta amakufunirani anthu ogwirizana ndi chimene mwapempha. Mukapempha ma like, akupezerani anthu okonda kudina like. Mukapempha mauthenga, akupezerani anthu amene amakonda kulemba uthenga. Dera nalonso musaliiwale: wogulitsa keke ku Katoto alibe chifukwa cholipirira kuti anthu a ku Nsanje aone keke yake, pomwe loji ya kunyanja ikhoza kufuna anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuposa a mu Mzuzu.

Abwana anu akamasankha zimenezi, funsani chifukwa chake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kungoti sankhani nthawi yabwino. Pamene kasitomala ali pa foni akukalipa si nthawi yofunsa. Sungani mafunso anu m'kabuku, mupemphe mphindi zochepa kumapeto kwa sabata kuti mudutsemo limodzi. Ndipo akakupatsani mpata woyesa, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha chithunzi, mawu ndi dera nthawi imodzi, zotsatira zikasintha simudzadziwa chimene chathandiza. Komanso musamangogwiragwira malonda amene angoyamba kuyenda, chifukwa kusintha kwakukulu kulikonse kumachititsa kuti makina aja ayambirenso kuphunzira.

Pali chinthu china chimene mavidiyo akunja sadzakuuzani, chifukwa ndi vuto lathu kuno. Kutsatsa kolipira pa Facebook kumafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja, ndipo ndalama imatuluka ngati ndalama yakunja. Ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno, ndipo mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, kutanthauza kuti dola yomweyo inayamba kudya makwacha ambiri. Khadi likhoza kukanidwa pakati pa ntchito, malonda n'kuima. Choncho onetsetsani m'mene abwana anu amachitira zikatere, ndi m'mene amamufotokozera kasitomala. Phunziraninso njira zosafuna dola: Status ya pa WhatsApp, imene imakhala maola 24, magulu a ogula ndi ogulitsa a pa Facebook, mavidiyo afupiafupi a pa TikTok, ndi kulembetsa bizinesi pa Google kuti mlendo wofuna malo ogona mu Mzuzu aipeze pa mapu. Kulembetsa pa Google kumeneku n'kwaulere. Vidiyo muziipanga yaifupi, yopepuka, yokhala ndi mawu olembedwa pansi, poganizira munthu amene akuonera ali mu minibasi ndi bandulo yochepa.

Nyengo ya kwathu kuno muziiwerenganso. Kuzizira kwa Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagulitsa majekete ndi mabulangete. Kutsegulira kwa sukulu kumagulitsa mayunifolomu, zikwama ndi matilesi. Kumapeto kwa mwezi anthu a pa ntchito amakhala ndi kangachepe m'thumba. Funsani ngati pali kalendala ya mapositi, ndipo ngati palibe, dziperekeni kuti muilembe inuyo.

Tsopano za kukhulupirika, chifukwa akukupatsani makiyi a mabizinesi a anthu. Musalandire pasiwedi ya munthu ngati pali njira ina. Facebook imalola mwini tsamba kukuwonjezerani pa tsamba lake kudzera pa akaunti yanu, n'kukupatsani mphamvu zochepa zokwanira ntchito yanu. Pa akaunti yanuyo ikani chitetezo chachiwiri, chija chimafuna nambala yapadera polowa. Ndipo mudzalandira mauthenga onamizira kuti achokera ku Meta, onena kuti tsamba litsekedwa ngati simudina linki. Musadine. Amenewo ndi akuba masamba, ndipo tsamba limene munthu walimanga kwa zaka likhoza kupita tsiku limodzi. Aonetseni abwana anu uthengawo.

Manambala a foni a makasitomala si anu. Musawakopere mu foni yanu kuti mudzawagwiritse ntchito mukadzayamba zanu, musawaponye m'magulu a WhatsApp iwo asanavomere. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, komanso la Data Protection Act la 2024 limene MACRA imayang'anira. Chithunzi cha munthu, makamaka mwana, musachiike pa malonda popanda chilolezo. Ndipo ngati mwauzidwa kulemba zabodza, monga kuti mankhwala ena amachiza matenda onse, kapena kuti mtengo watsitsidwa pomwe sunasinthe, nenani mwaulemu kuti simungathe. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a malonda onamiza anthu, ndipo kupatula lamulo, pali munthu amene ataye ndalama yake chifukwa cha mawu amene mwalemba inuyo.

Nthawi ikamayandikira kutha, pemphani kuti akupatseni ntchito imodzi yoti muiyendetse nokha kuyambira poyamba, ngakhale ikhale ya bizinesi yaing'ono ndi ndalama yochepa. Mukambirane ndi mwini bizinesi, mulembe mawu, mujambule, muyankhe mauthenga, muwerengere zotsatira, kenako mulembe lipoti la tsamba limodzi: tinkafuna chiyani, tinachita chiyani, zinatuluka zotani, ulendo wina tidzasintha chiyani. Lipoti limenelo lidzakulankhulirani pa intaviyu kuposa zithunzi makumi asanu. Koma musanalionetse kwa aliyense, pemphani chilolezo kwa abwana anu ndi kwa mwini bizinesiyo, ndipo ngati safuna kuti dzina lawo lioneke, lifufuteni.

Kalata yokuchitirani umboni muipemphe kudakali masabata angapo, osati tsiku lotsanzika pamene aliyense ali pa liwiro. Pemphani kuti isangonena kuti munali wakhalidwe labwino, koma itchule ntchito zimene munagwira: munayendetsa masamba angati, munagwiritsa ntchito zida ziti, munathandiza pa malonda ati. Buku la kusukulu lija lisayinidwe mudakali pomwepo, ndipo musanatuluke pakhomo pemphani kuti akuchotseni pa masamba onse a makasitomala amene anakuwonjezeranipo.